Amene Anabwera Kudzafunsa za Malo Athu

Munthu akamayenda pa msewu wochokera pa boma la Mchinji kulowera kwa Mkanda m'nyengo ya chilimwe, tchire litapsa, maso amafika patali. Amaona mabalani akale a fodya atang'aluka zipupa, zigafa zitapendekeka, ndi mizere ya bulugama imene wina anabzala kale kuti adzapeze nkhuni. Akapenyetsetsa pansi, pena pake m'mphepete mwa munda amaona kachipilala ka simenti katangotulutsa mutu m'dothi. Ana oweta mbuzi amakhalapo akatopa. Akuluakulu amakadziwa dzina lake, amati bikoni, ndipo ambiri a iwo akhoza kukuuzani chaka chimene kanazikidwa ndi mtundu wa galimoto imene inabwera ndi okazikawo. Chimene sangakuuzeni ndi mawu amene analembedwa pa pepala lotsagana ndi kamwalako, pakuti pepalalo sanalionepo. Liri mu ofesi ina kutali, m'failo, ngati failoyo ikadalipo.

Awerengi okondedwa, mwezi uno tiyeni tibwerere m'mbuyo. Timamva pa wailesi kuti bungwe lolimbana ndi ziphuphu lamanga wakutiwakuti chifukwa cha malo, kapena kuti puloti imodzi yagulitsidwa kwa anthu atatu, ndipo timayesa kuti ndi nthenda ya masiku ano. Iyayi, ndi yakale. Chiyambire ulamuliro wa Atsamunda, malo ambiri a dziko lino sanachoke m'manja mwa eni ake usiku monga mbuzi yobedwa m'khola. Anachoka masana, mu ofesi, ndi cholembera ndi chidindo. Ndipo Boma lomwelo, la Azungu ngakhale lathu, lakhala likutuma ofufuza kuti akaone chimene chinalakwika. Ambiri a ofufuzawo sanali anthu abodza. Zimene anapeza zinali zoona. Tsono funso langa nali: anaitanidwa ndi yani, anamvera yani, ndipo atalemba malipoti awo mwini munda anapindulanji?

Tiyambire pafupi, kutsidya kwa malire a Mwami, pakuti ife a ku Mchinji ndi anthu a ku Chipata ndife amodzi. Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni ndi nthambi ya Angoni a Mpezeni, ndipo malire otilekanitsa si mtsinje ayi, ndi msana wa mtunda chabe umene umagawa madzi, ena kutsikira ku Luangwa, ena ku Bua ndi ku nyanja. M'zaka za m'ma 1880 kunafika kwa Mpezeni Mjeremani wina wochokera ku Tete, dzina lake Carl Wiese, wogula minyanga ya njovu. Anakhala bwenzi la mfumuyo, ndipo pofika 1891 anali ndi mapepala onena kuti Mpezeni wampatsa ufulu pa chuma cha m'dziko lake. Mapepalawo anayenda ulendo wautali, nagulitsidwa kwa amalonda a ku London. Boma la Angerezi linayamba lawakana, koma mu 1895 kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, inagwirizana ndi eni mapepalawo, nipereka dera la maekala 6,400,000 kwa kampani yatsopano yotchedwa North Charterland Exploration Company. Anali kukhulupirira kuti m'mapiri a Mpezeni muli golide wambiri.

Golide wambiriyo sanapezeke, koma nkhondo inapezeka. Kumayambiriro kwa 1898 asilikali ochokera ku Nyasalande anagonjetsa Angoni ndi mizinga. Nsingu, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera ankhondo, anawomberedwa mwezi wa Febuluwale chaka chomwecho, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Mmodzi wa akuluakulu a asilikaliwo anali William Manning, ndipo linga la mbali yathu ino linatchedwa Fort Manning, dzina limene boma lathu linasenza nthawi yonse ya Atsamunda. Motero sikulakwa kunena kuti mbiri ya boma la Mchinji inayambira pa pepala la malo.

Zimene zinatsatira ndizo zikutikhudza pa nkhani ya lero. Kampani ija inagulitsa minda kwa Azungu olima fodya kuzungulira Fort Jameson, ndiyo Chipata ya lero, ndipo Angoni, Achewa ndi Ansenga anakankhidwira m'madera opatulidwa otchedwa marizevu. Mu 1928 Boma la ku London linakhazikitsa marizevuwo mwa lamulo. Mukuganiza kuti ndani anadandaula mpaka kulira kwake kumveka ku Mangalande? Si anthu amene anapanikizana pa dothi lotopa ayi. Inadandaula ndi kampani, yati Boma lailanda malo ake popanda chipepeso! Inasuma ku khoti la ku London nigonja, koma sinaleke kugogoda, mpaka mu 1932 Boma linasankha woweruza wotchuka, Frederic Maugham, kuti afufuze nkhani yonse ya malowo. Ameneyu anali mkulu wake wa mlembi wa nthano Somerset Maugham, ndipo pambuyo pake anakwera kufika pa mpando waukulu koposa wa za malamulo m'Boma la Angerezi. Anali munthu wodziwa ntchito yake. Koma mkangano umene unamuitanitsa unali wa kampani, kampani inzake ndi Boma, aliyense akuloza mnzake chala pa mapangano amene anasayinirana okhaokha. Njala ya m'marizevu sindiyo inamuitanitsa.

Nthawi yonseyi malo ambiri amene kampani inatsala nawo anangokhala, opanda Mzungu wowagula ndiponso opanda mudzi. Tchire linabwerera, nyama zinabwerera, ndi kashembe yemwe anabwerera. Mu 1941, patapita zaka 50 chilembedwere mapepala a Wiese, Boma la Northern Rhodesia linagula maekala oposa 3 miliyoni kwa kampaniyo ndi kuyamba kubwezeramo anthu. Musungeni mawu amenewa akuti linagula, chifukwa tikumana nawonso.

Mbali yathu ino ya malire nkhani inayambira kum'mwera, ku mapiri a Blantyre, Zomba, Thyolo ndi Mulanje. Harry Johnston atafika mu 1891 kudzakhazikitsa Boma la Angerezi, anapeza Azungu ambiri, olima khofi, amalonda ndi amishoni omwe, ali yense atagwira pepala lonena kuti anagula malo kwa mfumu yakutiyakuti. Mtengo wake unali nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Johnston ndiye wofufuza woyamba wa nkhani za malo m'dziko muno. Iye ndi omthandiza ake, monga Alfred Sharpe, anayendera malowo ndi kufunsa mafumu ngati anagulitsadi, ndiponso ngati analandira mtengo woyenera. Mapepala ena anawakana, ena anawadula, koma ambiri anawavomereza ndi kupereka chikalata chotchedwa Certificate of Claim. Zonse pamodzi zinakwana maekala pafupifupi 3,700,000, ndiko kuti magawo 15 pa 100 a dziko lino. Munthu mmodzi yekha, Eugene Sharrer, anatenga maekala oposa 360,000.

Tisamnamizire Johnston: anaganizirako anthu. M'zikalata zambiri anaikamo mawu oletsa mwini esiteti kusuntha midzi ndi minda imene anaipeza pamalopo popanda chilolezo cha Boma. Mawu abwino ndithu. Koma midziyo sinawerengedwe, mindayo sinayezedwe, ndipo mayina a eni ake sanalembedwe. Malire a Mzungu anali pa pepala, pamene malire a mudzi anali m'mitu ya nkhalamba. Tsono makolo athu ankalima mosuntha: dothi likatopa ankatsegula mphanje pena, pamudzi pakachuluka maliro ankasamuka. Atangosuntha pang'ono, mwini esiteti ankati awa si aja ndinawapeza, ndi alendo, alipire lendi kapena agwire ntchito. Umo ndimo mawu okoma akuti thangata, amene kale ankatanthauza kuthandizana pa ntchito, anasandukira dzina la goli.

Mu 1903 nkhaniyi inafika pamaso pa woweruza wa khoti lalikulu, Joseph Nunan. Kampani ya Blantyre and East Africa inali itasayinitsa mafumu a pa malo ake pangano lotaya chitetezo chija. Nunan anagamula kuti panganolo linali lokondera mbali imodzi ndipo silingamange anthu a m'midziyo. Anatsogoleranso komiti yofufuza, ndipo mu 1904 panatuluka lamulo lopatsa mkulu wa Boma ku Zomba mphamvu yopatula gawo la maesiteti akuluakulu kuti pakhale anthu. Lamulolo silinagwiritsidwe ntchito. Eni maesiteti anali pafupi kwambiri ndi olamula, ndipo akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Pa 23 Januwale 1915 anthu a John Chilembwe anaukira, ndipo William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti ya Bruce ku Magomero, anaphedwa. Magazi atakhetsedwa ofufuza anabwera msanga. Ulendo uno Aafirika ena ophunzira ndi mafumu anapereka umboni, ndipo lipoti la 1916 linavomereza kuti anthu a pa esiteti ya Bruce ankazunzidwa. Kunabweranso komiti ya Jackson mu 1920, lamulo lina mu 1928, kenaka Sir Sidney Abrahams mu 1946. Abrahams ndiye ananena mosapsatira kuti Boma ligule malo amene eni maesiteti sakuwalima ndi amene pakukhala anthu, liwabwezere ku midzi. Kugulako kunayamba pang'onopang'ono, kunafulumira pambuyo pa zipolowe zimene zinayambira ku Thyolo mu 1953, m'mene anthu 11 anafa, ndipo thangata anathetsedwa mwa lamulo mu 1962. Kuchokera pa chigamulo cha Nunan zinali zitapita zaka 59.

Kufikira pamenepa wina wa ku Mchinji akhoza kunena kuti izo zinali za anthu a kum'mwera. Kwathu kuno Azungu a maesiteti anali ochepa ndipo tchire linali lambiri. Nzoona. Nthawi yathu inafika ufulu utabwera, ndipo apa tiyenera kuchedwapo, chifukwa ochita zake sanachokere ku Ulaya.

Lamulo la malo la 1965 linagawa dziko patatu: malo a Boma, malo a munthu payekha, ndi malo a makolo oyang'aniridwa ndi mafumu. Koma linapatsa Nduna ya za malo mphamvu yodula gawo la malo a makolo ndi kulipereka kwa munthu pa lizi, kawirikawiri ya zaka 21, nthawi zina ya zaka 99. Njira yake inali yaifupi. Wofuna malo ankapita kwa mfumu ndi fomu. Mfumu ikasayina kuti yavomera, fomuyo inkapita kwa Bwana D.C., nkupitirira ku unduna. Panalinso msampha umene ambiri sanauone: lizi ikatha, malowo sankabwerera kwa mfumu, ankasanduka a Boma. Chala chimodzi chodindidwa pansi pa mtengo wa mango chinkatulutsa dothi m'mudzi osadzabwereranso.

Ena amathamangira kudzudzula mafumu, ndipo alipodi amene anagulitsa anthu awo ndi jekete kapena botolo. Koma tiganizirenso mfumu imene yafikiridwa ndi galimoto ya Boma, mwatuluka munthu wa udindo waukulu m'chipani, atanyamula fomu yolembedwa m'Chingerezi. Pa mwambo wathu kupatsa mlendo pokhala ndi ulemu wa mudzi, ndipo mlendoyo akachoka malo amatsala. Mafumu ambiri anayesa kuti akuchita chimene makolo awo ankachita. Cholakwa chimene Nunan anachiona mu 1903 chinabwerezedwa, pa fomu ya Boma lathu.

Chaka chomwecho cha 1965 Azungu a ku Rhodesia anadzipatsa okha ufulu wodzilamulira, ndipo maiko ambiri anayamba kukana fodya wawo. Msika unatseguka, ndipo Dr. Kamuzu Banda analimbikitsa nduna, aphungu, akuluakulu a chipani ndi a m'Boma kuti atsegule maesiteti. Mabanki anapereka ngongole. ADMARC, imene inkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono pa mtengo wotsika, inathira phindu lake lambiri m'maesiteti ndi m'makampani monga Press. Lamulo la mbewu zapadera linkaletsa mlimi wa pa malo a makolo kulima fodya wa bale ndi wochizira m'mabalani, ndiye kuti fodya wa ndalama anali wa okhawo okhala ndi lizi. Dothi la chidikha cha Kasungu ndi Mchinji linali lokomera fodya ameneyu, ndipo maboma awiriwa anali m'gulu la amene anadulidwa kwambiri. M'dziko lonse maesiteti anali pafupifupi 1,200 mu 1979. Pofika 1989 anapitirira 14,000, ndipo m'zaka za m'ma 1990 anafika cha m'ma 30,000.

Si onse amene anali a anthu akuluakulu a m'tauni. Ambiri a maesiteti a m'ma 1980 anali aang'ono, a mahekitala 10 kapena 20, ndipo anatsegulidwa ndi ana a m'mudzi momwemo. Apa ndipo pagona chilonda chimene mabanja athu akuchimvabe. Pofuna kukwanitsa mahekitala ofunika kuti apeze laisensi ya bale, abale ankaphatikiza minda yawo, nkugwirizana kuti fomu ilembedwe m'dzina la mmodzi, kawirikawiri malume wodziwa kuwerenga. Pa mwambo wa Achewa munda ndi wa mbumba. Umayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa ana ake aakazi, ndipo malume ndi mlonda chabe. Koma pepala silidziwa mbumba, limadziwa dzina limodzi. Malume uja atamwalira, ana ake anatulutsa chikalata m'sutikesi nati esiteti ndi ya atate athu, ndipo alongo a malemuwo, amene anabadwira pomwepo ndi kuika amayi awo m'manda a pafupi, anauzidwa kuti akulimapo mwa chifundo. Nthawi zina chikalatacho chinali chitapita kale ku banki ngati chikole, kapena chitagulitsidwa kwa munthu amene mudzi sunamuonepo nkhope. Mfumu ikafuna kuweruza inkauzidwa kuti malo a lizi sali m'manja mwake. Ndikhulupirira kuti ambiri a inu, powerenga mizere iyi, mwakumbukira maliro ena kumene achibale anakhala misasa iwiri osapatsana moni.

Nanga mu ofesi zinkayenda bwanji? Mafomu anachuluka kuposa oyeza malo. Malizi ambiri anaperekedwa potsata chithunzi chojambula pamanja, malowo osayezedwa bwino, kotero kuti chikalata china chinkakwera pamwamba pa chinzake. Pamene pali mzere wautali ndi khomo limodzi, sipalephera kupezeka wina wonong'oneza kuti iye akhoza kufulumizitsa zinthu. Ndipo wolakwiridwa akanapita kuti? Nthawi ya chipani chimodzi kunalibe ofesi yoima payokha yolandira madandaulo a munthu wamba otsutsa Boma, ndipo mwini esiteti amene ukufuna kumsumira mwina ndiye anali wapampando wa chipani m'dera lako. Anthu anaphunzira kumeza mawu. Chodabwitsa ndi chakuti Atsamunda ankatuma wofufuza pafupipafupi, koma m'zaka zimene malo athu anadulidwa koposa, makomo ofunsira anali otseka. Pa maesiteti akuluakulu panadzaza matenanti, ambiri ochokera kum'mwera, ena a iwo zidzukulu za anthu a thangata aja, akulandira chimanga pa ngongole ndi kuwerengeredwa mtengo wa fodya wawo ndi mwini sikelo. Mchitidwe umenewu Nyumba ya Malamulo inauletsa mu 2021.

Makomo anatseguka mu 1994. Malamulo atsopano oyendetsera dziko anakhazikitsa ofesi ya Ombudsman, kumene munthu angakadandaule akalakwiridwa ndi ofesi ya Boma, ndipo lamulo la 1995 linabala bungwe la Anti-Corruption Bureau, limene ambiri amangoti ACB. Mu 1996 Pulezidenti Bakili Muluzi anasankha komiti yofufuza za malo, motsogozedwa ndi a Patrick Saidi. Pa makomiti onse amene tawatchula, iyi ndiyo inayenda kwambiri pakati pa anthu wamba. Inachititsa misonkhano m'zigawo zonse za dziko, ndipo alimi, mafumu ndi amayi anaimirira nayankhula zimene anazisunga zaka 30. Lipoti lake linatuluka mu 1999, ndipo ndondomeko ya malo ya 2002 inamangidwa pa ilo. Boma linavomera polemba kuti malo a makolo ankagulitsidwa mwachinyengo ndi mafumu ena pamodzi ndi ogwira ntchito m'Boma, kuti maesiteti ambiri anatenga malo oposa amene akanatha kulima pamene oyandikana nawo akusowa pobzala, ndi kuti anthu, potopa nazo, anayamba kulowa okha m'maesiteti ndi m'nkhalango zotetezedwa. Mayi wa kwa Mavwere kapena kwa Dambe sanamve chachilendo m'menemo. Chachilendo chinali chakuti tsopano zinali pa pepala.

Pepala limeneli nalo linayenda ngati birimankhwe. Nyumba ya Malamulo inavomereza bilu ya malo mu 2013, koma Pulezidenti Joyce Banda sanaisayine chifukwa cha madandaulo a mafumu ndi mabungwe. Malamulo atsopano anadutsa mu 2016, patapita zaka 17 chitulukire lipoti; mwana wobadwa chaka cha lipotilo anali atatsala pang'ono kuvota. M'kati mwa zaka zimenezi chimene chinaoneka ndi maso ndi ntchito ya Kudzigulira Malo, kuyambira 2004 mpaka 2011, imene inathandiza mabanja pafupifupi 15,000, ambiri a ku Thyolo ndi ku Mulanje, kupeza minda makamaka ku Machinga ndi ku Mangochi. Ndalama zake zinachokera ku World Bank, ndipo malowo anagulidwa kwa eni maesiteti. Monga ku Chipata mu 1941, monga pambuyo pa Abrahams, malo amene anapita ndi fomu anabwerera ndi lisiti.

Malizi a minda atalowetsedwa onse m'kompyuta, akatswiri awiri, Klaus Deininger ndi Fang Xia, anawasanthula ndi kuwayerekeza ndi zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mlengalenga. Zimene anasindikiza mu 2017 ndi izi: maesiteti anali ndi mahekitala pafupifupi 1.5 miliyoni, gawo limodzi la magawo anayi a malo olima a dziko lino. Pa magawo 70 pa 100 lizi inali itatha kale. Mahekitala 140,000 anali ndi eni ake oposa mmodzi pa pepala. Ndipo malo amene ankaoneka kuti ali ndi mbewu sanafike theka. Anawerengeranso kuti lendi imene Boma linkataya inkakhoza kufika madola 35 miliyoni pa chaka. Tiwerenge tokha: lizi ya zaka 21 yosayinidwa mu 1985 inatha mu 2006. Mabikoni ambiri amene ana athu amakhalapo akulondera chikalata chimene chinafa kale, koma mudzi sunauzidwe.

Za zaka zaposachedwa tizinene mosamala, pakuti kumangidwa si kupezeka wolakwa. Kumapeto kwa Disembala 2021 ACB inamanga a Kezzie Msukwa, amene panthawiyo anali Nduna ya za Malo, powaganizira za katangale pa nkhani ya malo yokhudza munthu wamalonda, Zuneth Sattar. Iwo anakatsutsa kumangidwako ku khoti. Pa 24 Januwale 2022 Pulezidenti Lazarus Chakwera anachotsa nduna zake zonse, natchula nkhaniyi ngati chimodzi mwa zifukwa zake. Nunan sanalotepo zotere, kuti wofufuza angagogode pa khomo la mwini chidindo. Koma chaka chomwecho chisanathe, m'bandakucha wa pa 6 Disembala 2022, apolisi anazinga nyumba ya mkulu wa ACB, mayi Martha Chizuma, amene kale anali Ombudsman, nawatengera ku polisi ya Namitete, pa msewu wathu womwewu wa ku Mchinji. Chifukwa chake chinali mawu awo amene wina anawajambula mobisa pa foni. Anatulutsidwa tsiku lomwelo, panakhazikitsidwa komiti yofufuza za kumangidwa kwa wofufuzayo, ndipo milanduyo inathetsedwa mu 2023.

Ine ndimayamikira kuti maofesi amenewa alipo, ndipo amene anakhalako nthawi imene kunalibe sangawapeputse. Koma onani nkhani zimene zimafika pa wailesi: mapuloti a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, mayina a nduna ndi a anthu achuma. Dimba la mayi wamasiye wa ku Kapiri silimveka kutali. Kuchokera pa boma la Mchinji kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 100, ndipo iye ayenera kugulitsa nkhuku zingapo kuti akwere minibasi. Akafika, funso loyamba limene adzafunsidwe ndi lakuti ali ndi pepala lanji. Umboni wake ndi manda a agogo ake, mitengo ya mango imene amayi ake anabzala, ndi mizere imene wakhala akuunga chaka ndi chaka, ndipo palibe chimodzi cha izi chimene chingalowe m'failo.

Lamulo la malo a makolo la 2016, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018 ndi kukonzedwanso mu 2022, likuyesa kuchita chimene Johnston anachisiya mu 1892, ndicho kulemba malire a mudzi ndi mayina a eni minda. Linayamba kuyesedwa m'madera ena a Phalombe, Kasungu ndi Rumphi. Pa gulupu ali yense payenera kukhala komiti ya malo: wapampando ndi gulupuyo, ndipo pali anthu ena 6 osankhidwa ndi mudzi, mwa iwo amayi asachepere 3. Munda usanalembedwe, oyandikana nawo amaitanidwa kuti adzaone malire, ndipo wosakhutira ali ndi bwalo lokadandaulako. Chikalata chikhoza kulembedwa m'dzina la munthu mmodzi, la banja, kapena la anthu angapo pamodzi, kotero kuti mbumba imene inaphunzirapo kanthu pa fomu ya malume ija iri ndi mwayi wolembetsa alongo onse. Mlembi wa komitiyo ndi kalaliki wa za malo wolembedwa ntchito ndi khonsolo ya boma, ndipo ndiye amasunga kaundula.